Musanalandire Hatchi ya Munthu pa Khola la Pakhomo Panu: Kakonzedwe ka Inshuwaransi ku South Africa

Ambiri a ife amene tinabwera ku Joni kuno tinayambira pa ntchito yosamalira mahatchi. Pitani ku Kyalami, ku Midrand, kapena kumunsi ku Noordhoek kufupi ndi Cape Town, mukamva Chichewa, Chitonga ndi Chiyao m'makola m'mamawa anthu akuwola ndowe. Zaka zikapita, ena amakwezedwa n'kukhala oyang'anira khola lonse, ena amachita lendi puloti yawoyawo n'kuyamba kusunga mahatchi a anthu molipiritsa. Malangizo awa ndalembera abale anga amenewa, komanso aliyense amene bwana wake amamudalira kuti ndiye amadziwa zonse za pakhola.

Mfundo yaikulu ndiyambe nayo. Tsiku limene mwalandira randi yoyamba chifukwa chosunga hatchi ya munthu wina, pakhomo panu pasanduka malo a bizinesi. Inshuwaransi ya nyumba imene munali nayo inalembedwa poganizira banja, galu ndi alendo obwera kudzacheza. Kawirikawiri m'kati mwake muli mzere wonena kuti ngozi yochokera ku ntchito ya malonda kampaniyo siikhudzidwa nayo. Mzere umenewu anthu amauwerenga ngozi itachitika kale.

Ndinaziona ndi maso anga pa puloti ina imene ndinagwirapo ntchito. Mayi mwini malo anali munthu wabwino, ndipo mahatchi atatu a anzawo ankawasunga pa mtengo wotsika, mongothandizana. Usiku wina geti silinakhomedwe bwino, hatchi imodzi inatuluka n'kukagundidwa ndi galimoto pamsewu. Hatchiyo inafa, galimoto inaphwanyika, mwayi woyendetsayo anangovulala pang'ono. Kampani itafunsa kuti hatchiyo inali ya yani ndipo inkalipiridwa kapena ayi, nkhani inathera pomwepo. Mayiwo analipira zonse kuchokera m'thumba mwawo, ndipo ife antchito awiri tinachotsedwa chifukwa ndalama zinatha. Mpaka lero ndikamadutsa pa geti la mpanda wa mahatchi ndimaligwedeza kawiri.

Gawo loyamba: lembani zoona zonse za pakhomo panu

Musanaimbire kampani iliyonse, khalani pansi ndi kope. Lembani mahatchi anu ndi a anthu ena padera. Lembani mtengo wa hatchi iliyonse monga mwini wake akunenera, chifukwa pakhola limodzi pamatha kukhala kahatchi kokalamba ka ana ndi hatchi ya mpikisano yodula kuposa galimoto. Kenako lembani zimene mumachita: kodi mumangopereka khola ndi msipu, kapena mumadyetsa, kupesa ndi kutulutsa mahatchi nokha? Alipo amene amaphunzitsa kukwera pamalopo? Ana amabwera? Mumatuluka ndi okwera kunja kwa mpanda? Mumanyamula mahatchi a anthu pa ngolo kupita ku mipikisano? Antchito alipo angati, kuphatikizapo mnyamata amene amabwera Loweruka lokha?

Chilichonse mwa zimenezi ndi ngozi yakeyake pamaso pa kampani. Chiyeso chobisa china chake kuti mtengo utsike chimakhalapo, makamaka nkhani yophunzitsa ana. Musayerekeze. Kampani ikadzapeza kuti munabisa chinthu chimene chikanasintha mtengo kapena chikanaichititsa kukana kukulandirani, ili ndi mphamvu yokana kulipira, nthawi zina n'kufafaniza mgwirizano wonse.

Gawo lachiwiri: mapepala a malo

Apa ndidutsa mofulumira. Funsani ku khonsolo ngati malo anu akuloledwa kuchitirapo bizinesi ya makola, popeza mapuloti ambiri analembedwa ngati a ulimi kapena okhalapo basi ndipo pamafunika chilolezo chapadera. Mapulani a nyumba za makola akhale ovomerezedwa. Mawaya a magetsi akhale ndi satifiketi yake, imene amaitcha CoC, ndipo mpanda wa magetsi nawonso uli ndi satifiketi yakeyake. Ngati puloti ndi ya lendi, mwini wake alembe kuti akudziwa ndi kuvomereza zimene mukuchita, ndipo mugwirizane kuti nyumba akuikira inshuwaransi ndani. Ngati nyumba ili pa ngongole ya banki, adziwitseni a bankiwo.

Gawo lachitatu: yambani ndi anthu, osati nyumba

Anthu ambiri akamva za inshuwaransi amaganiza za denga ndi makoma. Koma khola likapsa, mtengo womanganso umadziwika ndipo uli ndi malire. Mwana wa eni akagwa pa hatchi n'kuthyoka msana, chipukuta misozi chake chimawerengedwa ndi moyo wake wonse: chipatala, omusamalira, ndalama zimene akanadzapeza akadzakula. Ndiye chifukwa chake chinthu choyamba kugula ndi public liability, inshuwaransi imene imalipira munthu wakunja akavulala kapena katundu wake akawonongeka chifukwa cha ntchito yanu, ndiponso imalipira maloya okuimirani kukhothi.

Malamulo a kuno pa nkhani ya ziweto ndi olimba. Pali lamulo lakale lochokera kwa Aroma lotchedwa actio de pauperie, limene limati chiweto chikapweteka munthu mosiyana ndi khalidwe loyembekezeka la chiweto chowetedwa, mwini wake alipire ngakhale iyeyo sanalakwitse kalikonse. Khothi la apilo, Supreme Court of Appeal, linatsimikiza mu 2020 pa mlandu wa Van Meyeren ndi Cloete kuti lamuloli likugwirabe ntchito. Mlanduwo unali wa agalu, koma mfundo yake imakhudza mahatchi anu chimodzimodzi. Mwina muganiza kuti hatchi ya kasitomala ikamenya munthu theche, mlandu ndi wa mwini hatchi. Osati nthawi zonse. Pa mlandu wa Lever ndi Purdy mu 1993, khothi linanena kuti mwini chiweto akhoza kumasuka ngati chiwetocho chinali m'manja mwa munthu wina amene ananyalanyaza kuchiyang'anira. Pa khola losunga mahatchi a anthu, munthu winayo ndinu.

Pogula inshuwaransi imeneyi funsani mafunso awa, ndipo mayankho akhale olembedwa. Kodi ikukhudza mahatchi a anthu ena ali m'manja mwanga, kapena anga okha? Kodi ikugwira ntchito hatchi ikathawa n'kukachititsa ngozi kumsewu? Nanga kunja kwa puloti, monga pa mpikisano kapena pokwera m'tchire? Kuphunzitsa kukwera kulimo? Ndalama za maloya zili m'kati mwa malire a chipukuta misozi kapena ndi zapadera?

Funso lina limene ambiri saliganizira ndi la nthawi. Inshuwaransi zambiri za bizinesi kuno zimalembedwa m'njira imene amaitcha claims-made, kutanthauza kuti imalipira ngati dandaulo lafika pamene inshuwaransiyo ikugwira ntchito, ndiponso ngoziyo inachitika pambuyo pa tsiku lina lolembedwa m'mgwirizano, lotchedwa retroactive date. Wovulala amakhala ndi zaka 3 zoti asumire, ndipo kwa mwana nthawiyo imatalikirapo. Tsono mukasintha kampani, kapena mukatseka khola n'kubwerera kumudzi, dandaulo likhoza kukupezani mulibe chotchinga. Posintha kampani, pemphani kuti tsiku lakalelo lisungidwe. Potseka bizinesi, funsani za kuwonjezera nthawi yolandirira madandaulo.

Mlangizi wa zokwera, wodula ziboda, wosamalira mano a mahatchi, aliyense wodzilemba yekha ntchito amene amabwera pamalo panu, akuonetseni pepala la inshuwaransi yake, ndipo musunge kope lake.

Gawo lachinayi: mahatchi a eni ake

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera m'dzenje. Public liability yawamba imakhala ndi mzere wochotsa katundu aliyense amene ali m'manja mwanu kapena amene mukumusunga. Hatchi ya kasitomala ndi katundu woteroyo. Ndiye hatchiyo ikamenya mlendo, inshuwaransi ikhoza kulipira mlendoyo, koma hatchi yomweyo ikathyoka mwendo chifukwa wantchito wanu anasiya foloko m'khola, kapena ikadya chakudya chankhungu n'kufa ndi kupotokola kwa m'mimba, palibe cholipira. Chofunika ndi gawo lapadera lotchedwa care, custody and control. Onetsetsani malire ake awiri: ndalama zimene angalipire pa hatchi imodzi, ndi zimene angalipire pa ngozi imodzi. Moto ukalowa m'khola la mahatchi 8, malire achiwiriwo ndiwo amagwira ntchito. Bwererani ku kope lanu lija, muone hatchi yodula koposa, ndipo muphatikize mitengo ya onse ogona pansi pa denga limodzi.

Dziwani kuti gawo limeneli limalipira pokhapokha inuyo muli ndi mlandu wosasamala. Hatchi ikafa ndi matenda kapena mphenzi popanda kulakwa kwanu, imeneyo ndi nkhani ya inshuwaransi ya mwini hatchi. Muwauze makasitomala poyera kuti ndalama ya khola imene amalipira pamwezi si inshuwaransi ya moyo wa hatchi yawo. Amene ali nayo akupatseni dzina la kampani ndi nambala yoimbira usiku, muzipachike pakhomo la khola la hatchiyo. Makampani oterewa amafuna kudziwitsidwa msanga hatchi ikadwala kwambiri, ndipo kupatula pamene dokotala wa ziweto waona kuti ikuzunzika koopsa, amafuna kuuzidwa isanabayidwe jekeseni woipha mopanda ululu. Nthawi zambiri amafunanso kuti mtembo upimidwe. Mukafulumira kukumba dzenje chifukwa cha chisoni, mukhoza kumutayitsa mwini hatchi ndalama zake zonse, iye n'kutembenukira kwa inu.

Katemera ali m'gulu lomweli. Matenda a African horse sickness, amene amafalitsidwa ndi touluka ting'onoting'ono toluma madzulo ndi m'bandakucha, ndi oopsa ndipo boma limawayang'anira mwalamulo. Nyengo ya katemera wake ndi kuyambira pa 1 June mpaka pa 31 October, ndipo ku Western Cape kuli zigawo zimene hatchi singalowemo popanda chilolezo cha dokotala wa ziweto wa boma. Hatchi yatsopano isatsike pa ngolo musanaone pasipoti yake, kabuku koizindikiritsa hatchiyo, ndi masiku a katemera. Ine ndimakondanso kuti mlendo wotere akhale payekha masiku angapo asanasakanikirane ndi anzake.

Gawo lachisanu: antchito

Nkhani iyi imandikhudza mtima chifukwa ndaona abale athu akumenyedwa theche pachifuwa kapena kupondedwa phazi, n'kungopatsidwa panado ndi masiku awiri opuma. Lamulo la COIDA la 1993 limalamula aliyense wolemba anthu ntchito kuti alembetse ku Compensation Fund, thumba la boma lolipira anthu ovulala pantchito, azitumiza chaka ndi chaka chiwerengero cha malipiro a antchito ake, ndi kulipira msonkho wake. Ndalamayi siyenera kudulidwa pa malipiro a wantchito. Ngozi ikachitika, bwana ayenera kuinena pasanathe masiku 7. Kale ena ankazemba ponena kuti wosamalira mahatchi pakhomo ali ngati wantchito wa m'nyumba, koma khothi lalikulu la Constitutional Court linagamula mu November 2020, pa mlandu wa Mahlangu, kuti antchito a m'nyumba nawonso ali pansi pa lamuloli. Pothawira palibenso.

Kwa mwini khola lamuloli ndi chitetezo, chifukwa wantchito wovulala amalandira chipukuta misozi ku thumbalo m'malo mosumira bwana wake. Kwa inu achimwene amene mukugwira ntchito pa khola la munthu, funsani mwaulemu ngati munalembetsedwa, ndipo mukavulala muuzeni bwana tsiku lomwelo ndi dokotala alembe kuti ndi ngozi ya pantchito. Sungani kope la pasipoti, chilolezo chogwirira ntchito ndi timapepala ta malipiro, chifukwa zimenezi zimafunika polemba dandaulo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: nyumba, moto ndi katundu

Tsopano tifike pa makoma. Mtengo woika pa inshuwaransi ndi womanganso lero, osati umene munamangira zaka 10 zapitazo. Pali lamulo la m'mgwirizano lotchedwa average limene limapweteka anthu ambiri. Tiyerekeze kuti kumanganso makola anu kungadye R1,000,000 koma inu munalembetsa R600,000 kuti muzilipira zochepa. Mphepo ikasasula denga n'kuwononga za R200,000, kampani idzati munateteza magawo 6 okha mwa magawo 10, ndiye idzakupatsani R120,000, kuchotsaponso excess, ndalama ija imene mumayamba kulipira nokha. Muphatikizemo mipanda, mageti, bwalo lokwerera, thanki, pampu ya m'jigo ndi ma sola, chilichonse ndi dzina lake.

Denga laudzu ndi lokongola komanso lozizira bwino kwa mahatchi, koma liyenera kunenedwa. Kuno ku Highveld mphenzi ndi zambiri nthawi ya dzinja, ndipo makampani amafuna mlongoti wotchinga mphenzi woyezedwa ndi akatswiri, pamodzi ndi zozimitsira moto zosamalidwa chaka chilichonse. Udzu wouma, kaya ndi teff, eragrostis kapena lucerne, musausunge m'nyumba imodzi ndi mahatchi ngati mungathe. Mabelo omangidwa asanaumitsitse amatentha m'kati mwakachetechete mpaka kuyaka okha. Pisani dzanja pakati pa mulu masabata oyamba mutagula.

Moto wa m'tchire uli ndi lamulo lake, National Veld and Forest Fire Act la 1998. Mwini malo amene moto ungayambirepo kapena kudutsapo ayenera kulambula njira yotchinga moto m'malire mwake. Choopsa kwambiri n'chakuti moto ukachokera pa malo anu n'kukawononga kwa mnansi, khothi limayamba ndi kuganiza kuti munali osasamala mpaka inuyo mutsimikize kuti sizinali choncho, pokhapokha ngati muli membala wa Fire Protection Association ya dera lanu, bungwe la eni malo lothandizana kupewa ndi kuzimitsa moto. Lowani bungwe limeneli. Amene anaona moto wa ku Knysna mu June 2017 amadziwa mmene mphepo imathamangitsira moto kudutsa mipanda ya anthu. Funsaninso ngati public liability yanu ikulipira za moto wofalikira kwa anansi, chifukwa pa malo a ulimi gawo limeneli nthawi zambiri limakhala ndi malire ake ndi zofunika zake.

Zishalo ndi zingwe ndi zimene akuba amakonda. Werengani zimene mgwirizano ukufuna pa chipinda chosungiramo: mtundu wa loko, zitsulo za pawindo, alamu. Makampani ambiri salipira ngati palibe chizindikiro choti wakuba anathyola. Jambulani chishalo chilichonse ndi nambala yake. Zishalo za makasitomala nthawi zambiri sizikhala pa inshuwaransi yanu, auzeni aziikire okha. Musaiwale kufunsa za Sasria, kampani ya boma imene imalipira zowonongeka pa zipolowe ndi zionetsero, chifukwa makampani wamba zimenezi sazikhudza. Ngati mumakoka ngolo ya mahatchi, laisensi ya Code B imalola ngolo yosapitirira makilogalamu 750 okha, ndiye pa ngolo yolemera kuposa pamenepo pamafunika laisensi ya Code EB, ndipo kunyamula mahatchi a anthu molipiritsa kunenedwe kwa kampani ya galimoto.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: mgwirizano wolembedwa ndi kasitomala

Chikwangwani cha pageti chonena kuti aliyense akulowa mwa kufuna kwake n'chothandiza, koma si khoma. Lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, limati mawu ochepetsa udindo wanu alembedwe m'chinenero chomveka ndipo munthu aonetsedwe asanavomere, ndipo ngati ngoziyo ingavulaze kwambiri kapena kupha, asainire pamenepo. Ngakhale asaine, simungadzichotsere mlandu wa kusasamala koonekeratu. Lamulo lomwelo limati wosunga katundu wa kasitomala amusamale mwaluso loyenera ntchitoyo. Choncho loya akulembereni mgwirizano umodzi wabwino. Unene amene amaitana dokotala, ndalama zimene mungavomereze pa chithandizo cha mwadzidzidzi mwini hatchi akapanda kuyankha foni, mtengo wa hatchi, makhalidwe ake oipa ngati kuluma kapena kumenya, ndi choti chichitike munthu akasiya kulipira. Kwa ana, kholo ndilo lisaine. Mgwirizanowo muwaonetse a inshuwaransi musanayambe kuugwiritsa ntchito, poti udindo umene mwadzisenzetsa nokha mwa lonjezo lolembedwa iwo amatha kuukana.

Gawo lomaliza: kugula, ndi tsiku la ngozi

Pezani broker, mkhalapakati wa inu ndi makampani a inshuwaransi, wozolowera za mahatchi kapena za ulimi, osati wongogulitsa pafoni. Mufunseni nambala yake ya FSP, ya chilolezo chogwirira ntchitoyi, ndipo muitsimikize ku FSCA, bungwe la boma loyang'anira ntchito za zachuma zotere. Yerekezani makampani awiri kapena atatu, osati pa mtengo pokha koma pa zimene achotsamo ndi kukula kwa excess. Pepala la ndondomeko likabwera, onani ngati ntchito yanu yalembedwa momwe ilili. Ngati palembedwa kuti nyumba yokhalamo basi, libwezeni. Chilichonse chikasintha, kaya mwawonjezera makola awiri kapena mwayamba maphunziro a ana Loweruka, adziwitseni musanayambe. Ndipo onetsetsani kuti mu akaunti muli ndalama tsiku limene amadula.

Sungani buku la pakhola. Mulembemo tsiku limene munayendera mpanda, kukonza geti, kupereka mankhwala a njoka za m'mimba, ndi ngozi iliyonse ngakhale yooneka yaing'ono. Mlandu ukafika patapita zaka ziwiri palibe amene amakumbukira, koma buku limanena.

Ngozi ikachitika, thandizani wovulala poyamba, munthu kapena hatchi. Kenako jambulani malowo musanasunthe kanthu, lembani maina a amene anaona, sungani chipewa kapena chingwe chimene chinaduka. Ife tinaleredwa kuti tizipepesa, ndipo kunena kuti pepani chifukwa cha ululu wa munthu n'koyenera, koma musavomere kuti mlandu ndi wanu kapena kulonjeza kulipira, chifukwa mgwirizano umaletsa zimenezo. Imbirani broker tsiku lomwelo, ndipo ngati ndi kuba, katengeni nambala ya mlandu kupolisi. Kampani ikakana kulipira, ipereke zifukwa molemba. Werengani masiku amene yakupatsani oti mudandaule, chifukwa akatha mwayi umatha nawo. Yankho lake likapanda kukukhutiritsani, pitani ku National Financial Ombud Scheme, ofesi imene inayamba ntchito pa 1 March 2024 ndipo imamva madandaulo otere kwaulere. Ngati vuto ndi uphungu wolakwika wa broker, dandaulo lake limapita kwa FAIS Ombud, ndipo kumeneko adzafuna kuona kope lija la zoona zimene munamuuza poyamba pamodzi ndi mayankho ake olembedwa.